Yoga popanda mphunzitsi pafupi

Funso: Kwathu kuno kulibe kalasi ya yoga. Ndimayamba ndekha, koma sabata isanathe ndimagwa ulesi. Nditani kuti ndisamasiyire panjira?

Yankho: Chimene chimakufooketsani kwambiri ndi kusankha zochita tsiku lililonse. Munthu akadzuka n'kuyamba kufufuza pa YouTube vidiyo yoti atsatire, nthawi ndi bandulo zimatha asanayale n'komwe mphasa. Lowezani pamtima mndandanda umodzi waufupi, monga Surya Namaskar wa magawo 12, ndipo muziuchita pamalo amodzimodzi kwa mphindi 15 musanadye kadzutsa. Kuloweza mndandanda ndiyo njira imene mphunzitsi wa yoga K. Pattabhi Jois ankaphunzitsira ku Mysore, m'dziko la India: wophunzira aliyense ankachita payekha mndandanda woloweza, motsatira kapumidwe kake, ndipo ankapatsidwa kaimidwe katsopano pokhapokha atakhwima pa kam'mbuyo.

Mwina munganene kuti ku Mysore mphunzitsi ankakhala pomwepo n'kumawongola thupi la wophunzira. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake amene ali yekha asayese kuima ndi mutu kapena mapewa, poti khosi silichedwa kuvulala. Koma magawo osavuta mungawawongole nokha: tsamiritsani foni pakhoma, jambulani vidiyo, muone ngati msana ndi mawondo zili m'malo mwake. Ululu wobaya ukabwera, lekani pomwepo. Nanga kubwereza zomwezomwezo sikutopetsa? Masiku ena kumatopetsadi, komabe kubwerezako ndiko kumakuonetsani kuti manja amene mwezi watha ankathera m'mawondo lero akufika pansi. Amene ali woyembekezera kapena wodwala BP ayambe wafunsa dokotala.