Sinki ya kukhitchini: mafunso a omvera a ku Chadiza

 Sabata ino makalata ambiri akufunsa za masinki, ndiye tisataye nthawi.

Kalata yoyamba ikuchokera kwa mayi wina wa pa boma la Chadiza. Akuti: "Tamanga nyumba ndi ndalama za soya. Ku Chipata ndinapeza masinki ofanana, koma mitengo yosiyana kwambiri. Kodi ogulitsa akufuna kundidyera?"

Mayi, kunyezimira n'kumodzi koma chitsulo n'chosiyana. Funsani nambala ya chitsulocho. Cha 304 ndiye chodalirika: pa magawo 100 aliwonse, pafupifupi 18 ndi chromium ndipo 8 ndi nickel, zomwe zimatchinga dzimbiri. Cha 201 chili ndi nickel wochepa, n'chifukwa chake n'chotchipa, ndipo chikamakumana ndi mchere sichichedwa kuchita mawanga. Ena amayesa ndi maginito, koma zitsulo ziwirizi zonse sizigwira maginito kwenikweni, choncho musadalire zimenezo.

Kenako dinikizani pansi pa sinkiyo ndi chala chachikulu. Ikapindika ngati chitini, isiyeni. Yabwino imakhala yochindikala mamilimita 0.8 kapena 1, ndipo kuya kwake kufike masentimita 18 mpaka 20 kuti madzi asamakuthovukireni. Musanakwere galimoto yopita ku Chipata, yezani ndi chingwe kukamwa kwa poto wanu wamkulu wa nsima. Masinki ambiri a mabeseni awiri mabeseni ake amakhala aang'ono, poto wa banja lalikulu salowamo. Beseni limodzi lalikulu lokhala ndi poyanikira mbale pambali lingakutumikireni bwino.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina wa kwa mfumu Zingalume. Akuti: "Kwathu kulibe mpopi, timatunga pa mjigo, koma amayi a kunyumba akufuna sinki. Kodi si kutaya ndalama?"

Bambo, amayiwo akunena zoona, chifukwa kutsuka mbale chowerama tsiku ndi tsiku kumathyola msana. Koma musathamangire yachitsulo. Poto wophikira pankhuni amada ndi mwaye, ndipo timamukwecha ndi phulusa ndi mchenga. Mchengawo umakanda chitsulo ndi kutseka mapaipi. Itanani mmisiri akumangireni sinki ya simenti panja, pafupi ndi thandala, yotalika masentimita 85 mpaka 90 malinga ndi msinkhu wa amayiwo. Aisalaze bwino mkati, ndipo pansi pake papendekere ku bowo lotulukira madzi. Pamwamba ikani ndowa ya malita 20 yokhala ndi kampopi. Mukatero mwamaliza, ndipo madzi ogwera pansi achepa.

Kalata yachitatu yachokera kwa mphunzitsi wina. Akuti: "Sinki ndinagula yodula, koma m'khitchini mukununkha, ndipo kuseri kwa nyumba kwachita chithaphwi."

Aphunzitsi, funso lanu ndi limene aliyense ayenera kuyamba nalo asanagule: madzi akachoka musinki apita kuti? Suzumirani pansi pa sinki yanu. Payenera kukhala kapaipi kopindika kamene mapulambala amati thirapu. Kamasunga timadzi totseka njira kuti fungo ndi mphemvu zisakwere. Ngati kulibe, gwero la fungo ndi lomwelo. Paipi yotulutsa madzi isachepere mamilimita 40, ndipo ikhale yotsetsereka njira yonse.

Kunjako kumbani dzenje, mudzazemo miyala, muvindikire pamwamba, kuti madzi azilowa pansi. Likhale patali ndi maziko a nyumba, komanso mamita osachepera 30 kuchoka pa chitsime. Chitani zimenezi mvula ya Novembala isanayambe, chifukwa chithaphwi chimenecho ndi moswanirana udzudzu ndi ntchentche. Nkhoko za nsima ndi mafuta otsala mupoto musamathire musinki. Palani kaye, mupatse nkhuku kapena nkhumba.

Pomaliza, mtsikana wina akufunsa: "Sinki yathu yachita timadontho tadzimbiri, chonsecho ogulitsa anati siichita dzimbiri."

Chemwali, kawirikawiri dzimbirilo si la sinki. Sitiliwulu amasiya tizitsulo tosaoneka ndi maso, ndipo timeneto ndi timene timachita dzimbiri. Mpeni kapena chitini chosiyidwa musinki yonyowa chimachitanso chimodzimodzi. Jik naye akagonamo amadya chitsulo. Pakani soda ndi kansalu konyowa, mutsukuluze, mupukute. Madontho akabwereranso pamalo omwewo ngakhale mwasamala, dziwani kuti chitsulocho n'chotchipa.

Nthawi yatithera. Pitirizani kulemba, ndipo polemba muzitiuza kumene mumatunga madzi, kuti yankho likhale lokuyenerani. Sabata yamawa tidzakambirana za matanki osungira madzi amvula. Tsalani bwino.