Tisanagamule, Tiyambe Tapita Kukaona

Tikakhala pansi kukambirana za m'dera lathu, mawu amene amamveka kawirikawiri ndi akuti "ine ndikuganiza kuti". Kupereka maganizo si kulakwa. Koma maganizo a munthu, ngakhale akhale wanzeru kapena wolemekezeka chotani, sangalowe m'malo mwa zimene zachitikadi. Nkhani imene tiwerenge lero ikutionetsa kuti kusokoneza ziwirizi kungathe kutayitsa miyoyo.

Kumapeto kwa Ogasiti 1854, kolera inabuka ku Soho, dera lina la mzinda wa London. M'masiku 10 okha, anthu oposa 500 anamwalira. Madokotala ambiri a nthawiyo ankakhulupirira kuti matendawa amafala ndi mpweya wonunkha. Dokotala wina, John Snow, ankakayikira madzi, koma sanangotsutsa anzakewo pakamwa. Anatenga mndandanda wa omwalira n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo, kufunsa kumene banja lililonse linkatunga madzi. Anapeza kuti ambiri ankamwa a pamjigo wa mumsewu wa Broad Street.

Snow anafufuzanso za anthu amene sanadwale. Chapafupi panali nyumba yosungiramo anthu osauka 535, ndipo anamwalira ndi 5 okha. Nyumbayo inali ndi chitsime chakechake. Koma mayi wina wamasiye wa ku Hampstead, kutali ndi Soho, anamwalira ndi kolera. Zinapezeka kuti ankaitanitsa madzi a pamjigo womwewo chifukwa ankamukomera. Akuluakulu a m'deralo atamva umboniwu, anazula mkono wa mjigowo pa 8 Sepitembala. Mliriwo unali utayamba kale kuchepa, poti anthu ambiri anali atathawa, choncho ambiri anapitiriza kukayikira Snow.

Mmodzi mwa okayikirawo anali m'busa wachinyamata wa mpingo wa Anglican, Henry Whitehead. Iye ankawadziwa bwino anthu a m'deralo, ndipo anayamba kufufuza ali ndi chikhulupiriro choti aonetsa kuti Snow walakwitsa. Koma pamene ankafunsa mabanja, mayankho awo ankagwirizana ndi zonena za Snow. Whitehead sanabise zimene anapezazo pofuna kuteteza dzina lake. Anasintha maganizo, ndipo ndi iyeyo amene anatulukira gwero la vutolo: madzi ochapira matewera a khanda lodwala ankatayidwa m'dzenje la zonyansa limene linali pafupi kwambiri ndi chitsime cha mjigowo.

Ife timaphunzira kuti munthu aliyense ayenera kufufuza yekha choonadi, osati kungotsatira zimene wamva. 'Abdu'l-Bahá anaphunzitsanso kuti pokambirana, aliyense anene maganizo ake momasuka ndi mwaulemu, koma asawaumirire. Whitehead anachita zomwezo. Akanakakamira zimene ankaganiza poyamba, gwero la matenda likanabisikabe.

Tiyerekeze kuti ana a m'kalasi lathu achepa. Wina akuti makolo safuna, wina akuti mphunzitsi ndi waulesi, winanso akuti ana amakono ndi osamva. Tikagamula pomwepo, apambana ndi amene ali ndi mawu aakulu, ndipo tingathe kukhumudwitsa mphunzitsi wosalakwa, kalasi n'kutheratu. Nanga titayamba taona kaundula? Ana anayamba kujomba mwezi uti? Ojombawo amachokera mbali iti ya mudzi? Tayendera makomo angati? Mwina tikapeza kuti nthawi ya kalasi ikuwombana ndi ntchito ya kumunda, kapena kuti mtsinje unadzaza. Mwinanso tikapeza kuti woganiza za makolo uja ankanena zoona. Mulimonsemo, tidzakhala tikudziwa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

N'chifukwa chake pamsonkhano wounikira ntchito, umene timachita pakatha miyezi itatu iliyonse, timafuna kumva kwa amene anagwira ntchitoyo: anachita chiyani, anaona chiyani, chinakanika n'chiyani. Mtsikana amene waphunzitsa ana kwa miyezi sikisi ali ndi zotiuza zimene munthu amene sanaphunzitsepo sangazidziwe, ngakhale akhale wamkulu. Komabe zimene munthu mmodzi waona sizikwana. Snow ankadziwa za matenda, Whitehead ankadziwa anthu, ndipo choonadi chinaoneka bwino ataphatikiza zimene anapeza.

Mafunso okambirana:

1. N'chiyani chinathandiza Whitehead kusintha maganizo?
2. Pa zimene tinanena pamsonkhano wathu wapita, ndi ziti zimene tinaziona tokha, nanga ndi ziti zimene tinangoganiza?
3. Tingamufunse bwanji mwaulemu munthu wamkulu kuti atiuze mmene wadziwira zimene akunena?
4. Ndi nkhani iti ya m'dera lathu imene tipite kukaifufuza sabata ino, ndipo apite ndani?