Mfumu Hezekiya: Umboni Wake Uli Pati?

Hezekiya ankalamulira ufumu wa Yuda cha m'ma 700 B.C. Mbiri yake ili m'mabuku a Mafumu, Mbiri ndi Yesaya, koma dongo ndi miyala nazonso zimam'chitira umboni.

Kodi dzina lake linapezeka kunja kwa Baibulo?

Inde. Mu 2015, Eilat Mazar, katswiri wofukula zinthu zakale, analengeza kuti gulu lake lapeza kadongo kofanana ndi chikhadabo kukula kwake pamalo otchedwa Ophel ku Yerusalemu. Kale, kalata akaipinda ankaimanga ndi chingwe, n'kumata dongo pamfundo, mwini wake n'kudindapo chidindo. Pa kadongoka pali dzina la Hezekiya, la bambo ake Ahazi, ndi udindo wake monga mfumu ya Yuda.

Nanga adani ake analemba zotani?

Mu 701 B.C., Sanakeribu, mfumu ya Asuri, anaukira Yuda. Atabwerera ku Nineve analembetsa nkhani ya nkhondoyo pa zipilala zadongo, ndipo chimodzi chili ku British Museum ku London. Pamenepo akudzitama kuti analanda mizinda 46 yamalinga, ndipo Hezekiya anam'tsekera mu Yerusalemu ngati mbalame m'chikwere.

Pakhoma la nyumba yake yachifumu anasemetsa kugwa kwa mzinda wa Lakisi: asilikali akugumula linga, amayi ndi ana akutuluka atanyamula katundu wawo. Koma Yerusalemu sanam'tchule pa mizinda imene analanda. Mfumu yokonda kudzitama chonchi ikanalowa m'likulu la mdani wake, sikanasiya kunena.

Pa msonkho umene Hezekiya anapereka, mbali zonse ziwiri zimatchula matalente 30 agolide. Zimasiyana pa siliva: buku lachiwiri la Mafumu limati 300, Sanakeribu akuti 800.

Kodi ngalande ya madzi imene Baibulo limati Hezekiya anakumba ku Yerusalemu ilipodi?

Ilipo, ndipo madzi akuyendamobe. Kasupe wa Gihoni anali m'mphepete mwa mzinda, posavuta kuti adani am'tseke. Amisiri anaboola thanthwe mamita 533, mokhotakhota, kuti madziwo azikafika kudziwe la Siloamu. Magulu awiri anayambira uku ndi uku, n'kukumana pakati.

Mu 1880 panapezeka mawu Achiheberi ozokotedwa pakhoma la ngalandeyo. Amafotokoza kuti patatsala mikono itatu, okumbawo anamvana mawu kudutsa thanthwe, kenako zokumbira zawo zinakumana ndipo madzi anayamba kuyenda. Mwala wa mawuwo tsopano uli ku Istanbul. Sutchula dzina la mfumu, n'chifukwa chake akatswiri ena amati ntchitoyi inachitika nthawi ina. Komabe mu 2003 asayansi atapima tizidutswa ta zomera topezeka m'pulasitala wa ngalandeyo, anapeza kuti ndi ya cha m'ma 700 B.C.

Kodi zofukulidwazi zikutsimikizira nkhani yonse?

Ayi. Baibulo limati mngelo anapha asilikali 185,000 a Asuri usiku umodzi, koma zolemba za Asuri sizinenapo kanthu, ndipo chozizwitsa sichisiya chizindikiro chimene wofukula angapime. Chimene chili poyera n'chakuti Sanakeribu anabwerera kwawo osalanda Yerusalemu, Hezekiya ali pampando. Baibulo ndi zolemba za ku Babulo zimagwirizananso kuti Sanakeribu anaphedwa ndi magazi ake enieni, zomwe zinachitika mu 681 B.C. Yerusalemu anakhalabe chilili zaka zoposa 100 chichokereni Asuri, mpaka Ababulo anadzam'wononga.