Puleni yamanja: chida choyamba kugula kwa wopala matabwa ku Chembe

Achinyamata ofuna kuyamba kukhoma mipando, mabedi ndi zitseko kuno ku Chembe amafunsa kuti kandalama komwe ali nako agulire chiyani poyamba. Ife timati puleni yamanja. Sowo ndi hamala mnzanu akhoza kukubwerekani, koma puleni mmisiri aliyense amaiumira, chifukwa mpeni wake ukabuntha m'manja mwa wina, wovutika kunola ndi mwini wake. Komanso thabwa lochokera kwa ocheka limafika lokhakhala, mizere ya sowo ili mbee, ndipo mpando wosapalidwa bwino palibe mwini loji angaulipire mtengo wabwino.

Puleni yamagetsi imafulumira, koma ndi yodula, makamaka chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Magetsi akathima ntchito yaima, mota ikapsa okonza ali kutali. Yamanja mumagwira nayo ntchito pansi pa mtengo wa mango, ndipo mukaisamala mudzasiyira ana anu.

Mugule iti?

Zofala ndi ziwiri. Nambala 5, imene amisiri amati jekipuleni, ndi yotalika pafupifupi masentimita 35, ndipo imawongola thabwa lopindika. Nambala 4 ndi yaifupi, yosalazira pomaliza. Zonse mpeni wake ndi wa mamilimita 50 m'lifupi. Ngati ndalama ikukwana imodzi, tengani nambala 5.

Musathamangire yatsopano yonyezimira m'sitolo za hadiweya ku Monkey Bay kapena pa boma la Mangochi musanaione bwino. Nthawi zambiri puleni ya Stanley kapena Record yakale, yadzimbiri, imaposa yatsopano yotchipa. Ngati muli ndi m'bale ku Joni, mutumeni akufunireni yogwiritsidwapo kale ntchito.

Musanapereke ndalama, itembenuzeni. Yang'anitsitsani m'mbali mwa kamwa, potulukira mpeni. Pakaoneka mng'alu, ngakhale waung'ono, isiyeni: chitsulo chake n'chosachedwa kusweka, ndipo chikawotcheredwa sichibwerera mwakale. Gonekani lula yachitsulo pansi pake, muyang'ane kudzuwa. Kuwala kukamadutsa kwambiri pakati, puleniyo ndi yokhota. Zungulizani kagudumu kakumbuyo muone ngati mpeni ukutsika ndi kukwera. Tulutsani mpeniwo: kodi watsala wautali, kapena adaunola mpaka kutha? Kodi dzimbiri lakumba maenje kumsana kwake pafupi ndi nsonga? Dzimbiri lapamwamba lisakuopseni, limachoka ndi palafini ndi sandipepa. Chogwirira chothyoka nachonso si vuto, musema china. Zimenezi zingokuthandizani kunenerera mtengo.

Kunola

Apa ndi pamene ambiri amagwera ulesi, kenaka n'kumanena kuti puleni ndi yoipa. Pogula puleni, sungani ndalama ya mwala wonolera wa mbali ziwiri, yokhakhala ndi yosalala.

Yambani ndi kumsana kwa mpeni: kugonekeni kwathunthu pamwala wothira timafuta, mukhule mpaka m'mphepete muwale. Kenaka nolani mbali yopendekeka pa madigiri pafupifupi 25. Ngati mulibe choyezera, mpeni wochindikala mamilimita 2 mbali yake yopendekeka ikhale pafupifupi mamilimita 5. Manja asagwedere. Pitirizani mpaka chala chimve kachitsulo kopindikira kumsana, kuyambira ngodya iyi kufika ngodya inayo. Kakamveka, gonekaninso msana pamwala wosalala kuti kachoke, mumalize pa chikopa cha lamba wakale. Ngati mwanolera pa gilayinda, muziviika mpeni m'madzi pafupipafupi. Nsonga ikasanduka yabuluu ndiye kuti yapsa, sidzasunganso kuthwa.

Chitsulo chachiwiri chogona pamwamba pa mpeni chimangidwe motsalira milimita imodzi kuchokera kunsonga, ndipo chigwirane ndi mpeni popanda mpata, apo ayi zopala zizitsakamira m'kamwa.

Popala

Tulutsani mpeni pang'ono zedi, wongooneka ngati katsitsi mukasuzumira pansi. Poyamba thabwa tsindikani kutsogolo, pomaliza tsindikani kumbuyo, kuti m'mapeto musaterereke. Kankhani ndi thupi lonse, osati manja okha. Sisitani chambo kuchokera kumutu kupita kumchira, dzanja limangotsetsereka, koma mukabwerera mamba amadzuka. Thabwanso lili ndi kolowera kwake: likayamba kuzomoka, litembenuzeni muyambire mbali inayo.

Mdani wamkulu wa puleni kunyanja kuno ndi mchenga. Thabwa lomwe lagona pagombe, kapena lophwasula ku boti lakale, limabisa mchenga ndi zidutswa za misomali, ndipo kukankha kamodzi kokha mpeni wagumuka. Lisesereni ndi bulashi yawaya, muzule msomali uliwonse musanayambe. Ntchito igwiridwe pa benchi, osati pansi. Poweruka pukutani puleni ndi kansalu ka oyilo, muiike m'bokosi, chifukwa chinyezi cha nyengo ya dzinja sichichedwa kuidya dzimbiri.

Matabwa muwapeze kuti?

Mapiri otizungulira pamodzi ndi zilumba za Thumbi ndi Domwe zili m'paki ya Lake Malawi National Park, yomwe idakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO lidaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Kudula mtengo mmenemo ndi mlandu. Wokugulitsani mlombwa kapena m'bawa akuonetseni chilolezo cha a zankhalango. Pophunzira, gulani paini kapena malaina: ndi ofewa, otsika mtengo, ndipo mukalakwitsa simuluza zambiri. Bulugamu amalimba koma amang'aluka ndi kupindika akauma mofulumira. Matabwa aawisi asanjikeni pamthunzi, muike timitengo pakati pake kuti mphepo izidutsa, ndipo musawakhome mpaka atapepuka, chifukwa chitseko cha thabwa laliwisi chimatsegula mipata dzuwa la Okutobala likafika.