Thumba Lopanda Chimanga

Mnyamata wosamala maluwa pa nyumba ina pamwamba pa phiri la Zomba, pakumva bwana wake alikunena kuti "You will get the sack," angathe kukondwera, nayesa kuti thumba la chimanga lili m'njira. Kalanga iye! Mawuwo atanthauza kuti ntchito yatha. Nchifukwa chake akatekisti, amene anthu amathamangira kwa iwo kuti awamasulire mawu ovuta, ayenera kuwadziwa bwino.

Thumbali lidachokera kwa amisiri a ku Ulaya. Ambiri amafotokoza kuti kale mmisiri ankabwera ndi zipangizo zakezake m'thumba, nalisungitsa kwa mwini ntchito. Tsiku lomchotsa, mwini ntchito ankangombwezera thumbalo, osachulutsa mawu. Afalansa adayamba kale kulankhula chotero, pakuti Randle Cotgrave adalemba mwambiwu m'buku lake lomasulira mawu a Chifalansa m'chaka cha 1611. M'Chingerezi udaoneka mochedwa, cha m'ma 1825. Mmisiriyo ankachoka ndi manyazi, inde, koma zipangizo zinali zake, ndipo akadatha kugogoda pakhomo lina m'mawa mwake.

Liwu lakuti "fired" ndi la ku America, la zaka za m'ma 1880. Ena amasimba kuti kale ankatentha nyumba ya munthu wochotsedwa, koma imeneyo ndi nthano chabe. Zoona nzakuti liwu lakuti "discharge" litanthauza zinthu ziwiri, kuwomba mfuti ndi kumasula wantchito. Anthu a nthabwala adangosinthanitsa, munthu nasanduka chipolopolo. Mawu akuti "marching orders" ndi a asilikali, ndipo a ku Cobbe Barracks safuna womasulira.

Zomba, pokhala likulu la boma kufikira 1975, adaona kuti thumbalo silisankha munthu. Pa 7 Sepitembala 1964, miyezi iwiri chilandirire ufulu, Dr. Banda adachotsa nduna zake Orton Chirwa, Kanyama Chiume ndi Augustine Bwanausi.

Koma lero mawu okhawo sakwanira kuthetsa ntchito ya munthu. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 likuti pakhale chifukwa chenicheni, ndipo wantchito woganiziridwa cholakwa ayambe wapatsidwa mpata wodziyankhira. Mnyamata wa maluwa uja, akapirikitsidwa popanda zimenezi, ali ndi ufulu wokadandaula ku ofesi ya za ntchito ya m'boma lake.