Mafupa a m'chigwa cha Luangwa nawo ali ndi mfunda

Kalata yoyamba pa wailesi tsiku lina madzulo inali ya mwana wa sukulu wa ku Katete, wofunsa chifukwa chake mayina a magulu a nyama m'buku lake amathera ndi -idae. Katswiri wa mafupa akale sanachedwe nayo. Anati, mwanawe, ukafika ku Kulamba ku Mkaika akulu amayamba akufunsa mfunda, kaya ndiwe Banda kapena Phiri, ndipo nyama nazo zili choncho. Dzina la banja limachokera ku mtundu umodzi wa m'banjamo. Mphaka ndi Felis, ndiye mphaka, mkango ndi nyalugwe onse ndi a Felidae. Kabanja ka m'kati mwake kamathera ndi -inae. Nyama zimene zinatha kalekale zimatsata lamulo lomweli, koma magulu akuluakulu, monga Dinosauria limene Richard Owen anatchula mu 1842, alibe mathero oikika.

M'kalata yachiwiri, aphunzitsi a ku Sinda anadandaula kuti mayinawa onse ndi achilendo. Katswiriyo anawapempha kuti amvetsere bwino. Mu 1963 nyama ina ya m'chigwa chathu cha Luangwa inatchedwa Luangwa drysdalli. Si dinosaur ayi, ndi mbale wa makolo a nyama zoyamwitsa, ndipo inakhalako zaka zoposa 200 miliyoni zapitazo. Mu 1969 kunabwera Zambiasaurus, kenako mu 2013 Lutungutali sitwensis, dzina la Chibemba lonena za chiuno chachitali, lonyamulanso mudzi wa Sitwe. Ku Karonga, nyama imene mu 1928 inatchedwa Gigantosaurus dixeyi inasamutsidwa mu 1993 n'kukhala Malawisaurus dixeyi. Mtundu unasintha, koma dzina lachiwiri linatsala, pakuti lamulo limalemekeza dzina limene linayamba kulembedwa.

Kalata yachitatu ndi imene inadya nthawi yonse yotsala. Bambo wina wa ku Vubwi analemba kuti msuweni wawo anabwera kuchokera kuchigwa ndi mwala wooneka ngati fupa, ndipo munthu wina akufuna kuugula. Kodi angautche ndalama zingati?

Apa mawu a katswiri analemera. Anati, a bambo, nkhani imeneyi timainena sabata ndi sabata, ndipo mwaimvapo. Dzina lililonse la nyama yakale limamangiriridwa pa mafupa enieni amene amasungidwa malo odziwika, kuti aliyense wokayika apite akayerekeze. Dzina la mtundu limatsamira pamenepo, la banja n'kutsamira pa la mtundu. Fupa likazulidwa popanda wolemba pamene linagona ndi mwala umene unalikuta, zaka zake sizidziwikanso, ndipo kulipeza banja kumavuta.

Anakumbuka tsiku lina ali kuchigwa pamene anapeza fupa lotere litasanduka fuwa, mphika wa nyemba uli pamwamba. Moto unali utaling'amba kale. Mayi wa pakhomopo sanawadzudzule, chifukwa panalibe amene anawauzapo. Koma ogula oyendayenda aja, anatero, amadziwa bwino chimene akuchita.

Sanalekere pomwepo. Anafika mpaka ku Kabwe, kumene chigaza cha munthu wakale chinapezeka mu mgodi mu 1921, n'kutchedwa Homo rhodesiensis. Mpaka lero chili ku London, ndipo dziko la Zambia lakhala likupempha kuti chibwerere. Mwana wa ku Katete uja akafuna kuchiona chenicheni, ayenera kukwera ndege. N'zoona kuti katswiriyu amabwereza nkhani ya Kabwe kawirikawiri, koma akulondola kuibwereza.

Woulutsa mawu atawakumbutsa za nthawi, makalata ena anali asanatsegulidwe. Katswiriyo anamaliza ndi bambo a ku Vubwi aja. Lamulo la 1989 limateteza zinthu zakale zoterezi, ndipo kuzitulutsa m'dziko popanda chilolezo ndi mlandu. Anawapempha kuti asaugulitse mwalawo, asausweko ngakhale pang'ono, afunse msuweni wawo malo enieni amene anautola, auze a mfumu, kenako adziwitse a National Heritage Conservation Commission.