Rubi wa M'kapepala

Mmisiri wopanga mphete savutika ndi siliva kapena golide, poti zimenezo amaziyeza pa sikelo ndipo amazidziwa. Chimamusowetsa tulo ndi mwala. Amafuna umodzi wokha, ndipo wofuna mwala umodzi saitanidwa kumene kampani ya Gemfields imagulitsa emarodi a ku Kagem ku Zambia kapena rubi wa ku Montepuez ku Mozambique. Amagula kwa amene wabwera nawo m'thumba.

Mmisiri wina anapatsidwa ntchito ya mphete yaukwati, mwini wake atanenetsa kuti akufuna mwala wofiira. Pasanathe sabata, kunatulukira mnyamata ndi kapepala kopindapinda.

"Achimwene, uyu ndi wa ku Chimwadzulu weniweni. Ndikungofuna ya basi ndi ya mankhwala a mwana, mutenge pa mtengo wachibale."

Dzinalo linamufewetsa mmisiri, ndipo m'pomveka. Phiri la Chimwadzulu, m'boma la Ntcheu, ladziwika ndi rubi ndi safiro kuyambira cha m'ma 1958. Mwalawo unali wosemedwa kale, wofiira bwino, waukulu kuposa ndalama imene ankaitchula. Mmisiri anaukanditsa pa botolo, botolo n'kukandika. Analipira.

Tsiku lomangirira mwalawo, anawotcherera kadzino kamodzi ka mphete mwala uli pomwepo, kenako n'kuviika mpheteyo m'madzi a asidi otsukira zitsulo. Potulutsa, mwala unali utayera mizeremizere, ming'alu ili poyera. Mphete inali ya Loweruka lomwelo.

Chopweteka n'chakuti mnyamata uja mwina sananame zonse. Rubi analimo ndithu. Kuyambira cha m'ma 2004, pamsika pakhala pakupezeka rubi wong'alukang'aluka, wosayenera n'komwe kusemedwa, amene amathiridwa galasi losakaniza ndi mtovu kuti ming'alu isaoneke. Galasi limenelo silipirira moto, ndipo asidi amalidya. Ngakhale madzi a mandimu kukhitchini amatha kuliwononga. Wogula mphete yotere amakhala atagula mwala umene udzatha ali maso.

Kukanda botolo kuja n'kumene kumapusitsa ambiri. Pa muyeso wa Mohs woyezera kulimba kwa miyala, galasi wamba lili cha pa 5.5, kwatsi ali pa 7, rubi pa 9. Ganeti, amene ndi wofiiranso koma wotsika mtengo kwambiri, ndi wolimba kuposa galasi, ndiye amakanda botolo mosavuta. Rubi wopangidwa m'fakitale nayenso amakanda, chifukwa kulimba kwake n'chimodzimodzi ndi wa m'nthaka. Njira yomupangira anailengeza Auguste Verneuil ku France mu 1902, ndipo akathyali ena amamuswa ndi kumupaka dothi kuti aoneke ngati wangofukulidwa kumene. Kugulira pafupi ndi mgodi sikuteteza munthu. M'pamene wogula amasiya kukayika.

Chikanamupulumutsa mmisiri uja ndi kagalasi kokuza zinthu kakhumi, kamene mtengo wake sufika pa zimene anataya. Mwala uyenera kupukutidwa kaye, makamaka ukabwera wonyowa kapena wopakidwa mafuta, chifukwa mafuta amabisa ming'alu. Kenako mmisiri auone padzuwa, akuutembenuza pang'onopang'ono. Tithovu tampweya m'kati ndi kuthwanima kobiriwira ngati thambo m'mizere ya ming'alu zimaulula galasi. Mizere yokhota ngati uta imaulula wa m'fakitale. Mwala waukulu, woyera mbee m'kati, koma wotchipa, umenewo ndi wothawa. Ine ndimaona kuti ganeti wabwino wogulitsidwa m'dzina lake, kapena akwamarini wa ku Mzimba, amalemekeza mkwatibwi kuposa rubi wachinyengo, ndipo mmisiri sayenera kuchita manyazi kumuuza kasitomala zimenezi.

Mwala wa ndalama zambiri uyenera kuyesedwa ndi katswiri ndalama isanatuluke m'manja, ndipo wogulitsa wokana kudikira kuti uyesedwe wadziulula yekha. Lamulo la migodi m'Malawi limafunanso kuti wochita malonda a miyala yamtengo wapatali akhale ndi chiphaso cha boma. Muuzeni akuonetseni chiphasocho, ndipo pa lisiti alembe dzina la mwala, kulemera kwake m'makarati, ndi ngati unawotchedwa, kupakidwa mafuta kapena kuthiridwa galasi, kenako asaine.